Mukayamba kukangana za phindu ndi mnzanu wa geni, yambirani apa

Anthu awiri akaphatikiza ndalama pa geni nkuyamba kukangana, nthawi zambiri sikuti wina waba ayi. Vuto ndi loti mpamba, ya thukuta la amene amakhala pa shopu komanso phindu zonse zimalowa mu jumbo imodzi, ndiye mwezi ukatha aliyense ali ndi masamu ake m'mutu. Amene anaika ndalama zambiri akuona katundu akutuluka akuti nanga ndalama zili kuti, mnzake amene amapsa ndi dzuwa tsiku lonse akuti ine ndizigwira yaulere?

Zikafika pamenepo siyani kaye kugawana chilichonse. Tsekani tsiku limodzi muwerenge sitoko yonse muli awiri, ndipo muziwerengera pa mtengo wooda osati wogulitsa. Phatikizani ndi ndalama zili m'manja, zili ku banki, zili pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi ngongole za makasitomala, koma zija mukudziwa mumtima kuti sizibwera musaziwerengere. Kenako chotsani zomwe geniyo ikuyenera kulipira, lendi, chiphaso cha msika, ngongole kwa amene mumaodako.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ndipo ndikufuna mumvetsetse. Tiyerekeze munayamba ndi K1,000,000 nkuoda mabelo 4 a kaunjika. Lero mwawerenga zonse zakwana K1,300,000, wina akuti phindu ndi K300,000 tigawane. Koma ngati belo pano lafika K320,000, kuti muodenso mabelo 4 omwewo pakufunika K1,280,000, ndiye phindu lenileni ndi K20,000 basi. Mukagawana K300,000 ija mwadya mpamba, ulendo wotsatira muoda mabelo 3 nkuyamba kulozana zala kuti linalo lapita kuti. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yooda inalumpha, munthu umaona ndalama zachuluka m'thumba koma katundu wachepa pa benchi. Mpamba muziuyeza ndi katundu amene ungaode.

Amene amakhala pa shopu mupatseni malipiro ake a pamwezi, olembedwa, achoke kaye musanawerenge phindu. Mukapanda kutero adzilipira yekha pang'onopang'ono, lero chakudya cha masana mawa mayunitsi mkucha ya kabaza, ndipo iye sadzaona ngati akulakwa. Chilichonse chimene mmodzi wa inu watenga, kaya ndi shati imodzi ya mwana kaya ndalama yopitira ku maliro, chilembedwe m'buku pa dzina lake ndipo chidzadulidwe pa gawo lake. Nambala yolandirira ndalama za makasitomala ikhale ya geni yokha, isakhale yomwe achimwene akumudzi amatumizirapo ya feteleza.

Dziwaninso kuti lamulo la Partnership Act, ngati simunagwirizane mwanjira ina, limatenga kuti phindu mumagawana mofanana ngakhale wina anaika zambiri, ndipo ngongole imene mnzanu watenga m'dzina la bizinesi imakukhudzani nanunso. Zapakamwa zimavuta kutsimikiza tsiku lokangana, ndiye lembani pepala ngakhale la tsamba limodzi: ndani anaika zingati, mugawana bwanji komanso liti, wofuna kutuluka azipereka notisi ya miyezi ingati. Musainirane pamaso pa mboni ziwiri, aliyense asunge lake. Dzina la bizinesi mukalembetse ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi maina anu nonse.

Masamu akakanabe kugwirizana itanani munthu wachitatu amene nonse mukumukhulupirira, asakhale m'bale wa mmodzi wa inu. Tcheyamani wa msika amathandiza, koma ndalama zikakhala zambiri lipirani akawuntanti aone buku ndi marisiti. Kwa loya ndi kukhoti mupite zonsezi zikakanika, ndipo popita tengani buku lija ndi mameseji onse a ndalama, musafufute ngakhale imodzi.