Kusunga zithunzi kuti zisapite ndi madzi

Mwati foni yadzaza, ndiye zithunzi za chinkhoswe ndi za ana muzisunge bwanji? Kuno ku Nsanje ndi ku Chikwawa funsoli si lamasewera: madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 sanasankhe, anatenga ndi mafoni omwe.

Yambani ndi kufufuta. Timaluwa ta "mwadzuka bwanji" ta m'magulu a WhatsApp ndi timene timadya malo. Zotsalazo muziike m'mafoda olembedwa chaka ndi mwambo, monga "2024 chinkhoswe Ngabu".

Kenako tsegulani pulogalamu ya zithunzi ya Google Photos, lowani ndi Gmail yanu, muyatse Backup kuti zithunzi zizikopedwa n'kusungidwa pa intaneti. Google imapereka 15 GB yaulere, koma malowo ndi ogawana ndi Gmail ndi Drive. Mavidiyo amamaliza bandulo msanga, bola kudikira Wi-Fi. Pasiwedi ya Gmail ilembeni m'kope. Ambiri amagwera pomwepa, foni inapita, mutu waiwala.

Intaneti yokha musaidalire. Koperaninso zonse pa memori khadi kapena fulashi. Musaisiye pawindo ndi dzuwa lathu la Okutobalali. Iikeni m'kabotolo kouma kotseka bwino, mukakulunge m'jumbo limodzi ndi chiphaso cha unzika, kuti madzi akabwera usiku mungonyamula. Ine fulashi yachiwiri ndinakasiya kwa achemwali kumtunda.

Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi chithunzi chimafika chitachepetsedwa, ndipo mukachichapitsa nkhope zimatuluka mbuu. Ngati ndi za banja lonse, pangani alubamu mu Google Photos, mutumize linki imodzi.