Momwe mungasungire kaundula wa mbalame zomwe mwaona pachaka kuno ku Dedza

Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo anthu okonda kuzionerera amakhala ndi kaundula woyamba pa 1 Januwale n'kutsekedwa pa 31 Disembala. Sawerenga kuchuluka kwa mbalamezo koma mitundu yake. Akhwangwala makumi awiri pamsika wa pa boma ndi mzere umodzi basi.

Yambani ndi kope ndi pensulo. Bolopeni imafalikira tsamba likanyowa ndi chifunga cha kuno. Mtundu uliwonse muulembe kamodzi, tsiku loyamba kuuona, pamodzi ndi malo ake. Magalasi oonera patali, makamaka olembedwa 8x42, amathandiza kwambiri, koma musadikire kuwagula. Pumbwa, timba, mpheta, kakowa ndi namzeze mudzaziona muli pakhonde.

Chachiwiri, lawirirani. Mbalame zimalira ndi kusaka chakudya dzuwa likangotuluka, ndipo ikamakwana 9 koloko zambiri zakhala kale chete. Valani zovala zosawala, yendani awiri kapena atatu, nkhani za mpira muzisiye kunyumba.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe Dedza amaposa maboma ambiri, sinthasinthani malo. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita pafupifupi 2,200. M'mapaini a m'munsi musatayemo nthawi, mbalame ndi zochepa. Kwerani mpaka m'timagawo ta nkhalango yachilengedwe chakumtunda, mukhale pansi ndi kumvetsera, chifukwa mbalame za m'menemo zimamveka zisanaoneke. Tsiku lina pitani ku nkhalango ya Chongoni, komwe kuli zojambula za pamiyala zomwe bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. M'mitengo ya mombo ndi masuku mutha kuyenda mtunda osaona kanthu, kenako n'kukumana ndi gulu la mitundu yosiyanasiyana ikudyera limodzi, gogomole ali mkati akugogoda khungwa. Mukalipeza gululo litsatireni pang'onopang'ono, musalipitirire. Musanalowe m'nkhalango zaboma, yambani mwaonekera kwa a zankhalango.

Kenako tsikani Khwekhwerere kupita ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka. Kumeneko n'kotentha, kuli milambe ndi nyanja, ndipo nkhwazi yomwe simungaidalire ku Bembeke mudzaimva ikulira m'mawa. Ulendo umodzi wa kunsiku umatalikitsa kaundula kuposa kubwerezabwereza phiri lomwelo.

Chachinayi ndi nyengo. Anamzeze ena amachokera ku Ulaya, amafika cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo. Lumbe wamphongo wa nthenga ziwiri zazitali zolendewera kumapiko amaoneka madzulo nyengo yotentha, mvula ikuyandikira. Yemwe wasiya kuyenda mu Juni chifukwa cha chisanu n'kuiwaliratu kope, zimenezi zimamupita.

Nyengo yomweyo imapusitsanso. M'madambo a ku Linthipe nthawi yadzinja mudzaona timbalame tofiira psuu, tamimba yakuda, titatera pamabango. Chilimwe tamphongo tomweti timasanduka totuwa ngati tatikazi. Atchete ambiri amachitanso chimodzimodzi. Musalembe kawiri. Njiwa nazo si mtundu umodzi: pali yokhala ndi mzere wakuda kuseri kwa khosi, pali yaikulupo ya maso ofiira, palinso yaing'ono yopanda mzerewo, ya mawangamawanga pachifuwa. Choncho dzina lokha silikwana. Lembani kukula kwake, maonekedwe a mlomo, mchira, miyendo ndi kaliridwe. Agogo ndi anyamata olishya ng'ombe amazidziwa bwino mbalame, afunseni, kungoti yogwidwa pa ulimbo kapena yolasidwa ndi legeni siilowa m'kaundula. Nkhanga zoweta nazo ayi. Mleme, tinene poyera, si mbalame.

Ngati simunaitsimikize mbalameyo, ikani chizindikiro cha funso ndipo musaiwerengere mpaka mudzaionenso.

Omwe ali ndi foni ya intaneti angagwiritse ntchito eBird, pulogalamu yolembamo mbalame zomwe mwaona, yomwe a Cornell Lab of Ornithology ku America adaiyambitsa mu 2002. Ndi yaulere, imawerenga yokha mitundu ya pachaka, ndipo zomwe mwalemba zimathandiza ofufuza. Komabe m'zigwa za m'phiri netiweki imavuta ndipo batire limatha, choncho kope lizikhala m'thumba ndithu. Madzulo mukafika kunyumba koperani za tsikulo musanagone, mukadakumbukira mtundu wa mlomo uja.