Kulandira ndi kutumiza malipoti a DMARC pa seva yanu ya imelo

Seva ya imelo ya kuntchito kwathu ndimaiyendetsa ndekha, Postfix (pulogalamu yotumiza ndi kulandira makalata) ndi Rspamd (yosefa sipamu) pa Debian Linux. Nditaika SPF (mndandanda wa makina ololedwa kutumiza m'dzina la domain yathu) ndi DKIM (siginecha yotsimikizira kumene kalata yachokera) ndinkaona ngati ndamaliza. Chimene sindinkachiona n'chakuti ndi makina ati enanso amene akutumiza makalata m'dzina la domain yathu, komanso ngati makalatawo akudutsa kapena akukanidwa kumene akupita. Izi zimaoneka m'malipoti a DMARC, njira youzira maseva olandira zochita ndi makalata olephera SPF ndi DKIM, ndipo kuwatsegulira njira sikutenga ngakhale ola limodzi.

Yambani ndi bokosi lolandirira malipotiwo, monga dmarc@example.org. Musagwiritse adiresi yanu ya tsiku ndi tsiku, chifukwa Google, Microsoft, Yahoo ndi ena ambiri amatumiza lipoti pafupifupi tsiku lililonse. Kenako ikani rekodi ya mawu (TXT) mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, pa dzina lakuti _dmarc.example.org, mawu ake akhale awa:

v=DMARC1; p=none; rua=mailto:dmarc@example.org

p=none ikuuza olandira kuti asachite kanthu ndi makalata olephera, angotiuza. rua ndiye adiresi ya malipoti achidule. Palinso ruf ya malipoti a kalata iliyonse yolephera, koma Gmail sawatumiza, ndiye ine ndinaisiya. Onani ngati zalowa polemba lamulo lakuti dig TXT _dmarc.example.org +short.

Ngati bokosi la malipoti lili pa domain ina, mwachitsanzo example.net, domain imeneyo iyenera kuvomereza. Pa example.org._report._dmarc.example.net muike TXT yonena v=DMARC1 basi. Mukaiwala izi, olandira ambiri sangatumize kanthu, ndipo inu mudzangodikira osadziwa chifukwa chake.

Pakapita tsiku limodzi kapena awiri malipoti ayamba kufika, mafailo a XML opanikizidwa mu gz kapena zip. Loyamba litsegulireni ndi manja, muliwerenge. Mupeza source_ip, kutanthauza adiresi ya IP ya kompyuta yomwe inatumiza, count, kuchuluka kwa makalata, ndi zotsatira za dkim ndi spf. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka: SPF ikhoza kudutsa koma DMARC n'kulephera. DMARC imafuna kuti domain yooneka pa From igwirizane ndi domain imene SPF inayesa, kapena ndi domain yolembedwa pa d= mu siginecha ya DKIM. Chimodzi mwa ziwirizi chikagwirizana, kalata yadutsa.

Sabata yachiwiri ndinapeza IP yomwe sindinkaidziwa, makalata ochepa tsiku lililonse, onse olephera. Ndinayamba kuganiza za akuba. Nditafufuza, inali pulogalamu ya kampani ina imene a ku maakaunti amatumizira ma invoice, ikulemba dzina lathu pa From popanda siginecha yathu. Ndikanayamba ndi p=reject, youza olandira kuti akane makalata olephera, makasitomala sakanalandira ma invoice awo, ndipo palibe akanandiuza mpaka ndalama zitasowa. Ndinapempha kampaniyo kiyi ya DKIM ya domain yathu, ndinaiika mu DNS, ndipo malipoti otsatira anaonetsa pass. Muziyang'aniranso SPF yanu pomwe mukuwonjezera otumiza: lamulo lake silola kufunsa DNS kupitirira maulendo 10.

Malipoti akachuluka, XML imatopetsa. Ine ndimagwiritsa parsedmarc, pulogalamu ya Python yomwe imalowa m'bokosi kudzera pa IMAP n'kutulutsa JSON kapena CSV. Mukaona kwa milungu ingapo kuti otumiza anu onse enieni akudutsa, sinthani kukhala p=quarantine (olephera aziikidwa ku sipamu), kenako p=reject. Kuyambira February 2024 Google ndi Yahoo amafuna DMARC kwa otumiza makalata ochuluka, ndipo kwa Gmail lamuloli limayambira pa makalata 5,000 pa tsiku, koma p=none imakwanira pa lamulo limenelo, choncho palibe chokuthamangitsani.

Mbali imene ambiri amaisiya ndi yotumiza malipoti kwa ena. Seva yanu imalandiranso makalata, ndipo eni ma domain omwe makalatawo akuchokera akufuna kudziwa zomwe inu mukufuna kudziwa. Pa Rspamd pamafunika Redis (pulogalamu yosungira deta), kenako mu /etc/rspamd/local.d/dmarc.conf mulembe:

reporting {
  enabled = true;
  email = 'dmarc@example.org';
  domain = 'example.org';
  org_name = 'Dzina la bungwe lanu';
}

Yambitsaninso Rspamd, ndipo mu cron (yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) muike rspamadm dmarc_report kuti iziyenda kamodzi pa tsiku. Imatumiza za dzulo lake, ndiye ine ndinaiika usiku. Amene akugwiritsa OpenDMARC, pulogalamu ina ya DMARC, amachita zomwezi ndi opendmarc-import ndi opendmarc-reports, koma pamafunika MySQL yosungira deta.

Tsiku lotsatira tsegulani log ya Postfix muone ngati malipotiwo atuluka, ndiponso ya Rspamd muone ngati ali ndi siginecha ya DKIM. Ena abwerera chifukwa eni ake analemba adiresi ya rua yomwe kulibe, ndipo obwererawo amagwera m'bokosi lomwe lija, choncho muzilisesa sabata iliyonse.