Momwe mungalondolere mbewa za m'nkhalango osazipha

Nkhalango zowirira zatsala zochepa kuno ku Blantyre. Ya paphiri la Ndirande idatha kale, ndiye ofuna kudziwa komwe mbewa, sakhwi ndi swiswiri zimadya ndi kugona alowere ku Mulanje, kuchigwa cha Ruo. Musanatchere kanthu, tengani chilolezo ku nthambi ya zankhalango ndi ya zanyama zakutchire.

Mufunika misampha ya Sherman, timabokosi tachitsulo topindika togwira nyama yamoyo. Imachokera ku America ndipo ndi yodula, bola kubwereka kwa ofufuza anzanu. Pali ena amakhoma yofanizira n'kumagulitsa motchipa. Imeneyo ipeweni: chitseko chake chimachita dzimbiri msanga, ndipo m'mphepete mwakuthwa mumadula michira.

Nyambo ndi chiponde chosakaniza ndi gaga. Tcherani madzulo, pamzere, kusiya mamita 10 pakati, m'mbali mwa zipika zowola ndi m'mizu. Ina mangirirani m'nthambi, chifukwa mbewa zina sizikonda kutsika pansi. Ikanimo thonje kuti kanyama kasafe ndi chisanu.

Apa ndiye mumvetsetse: linthumbu. Fungo la chiponde limaliitana, ndipo kanyama kotsekeredwa kalibe kothawira. Ine ndidapezapo swiswiri atadyedwa mumsampha, ndipo zimandiwawabe mumtima. Choncho musanaike msampha, palasani masamba, yang'anitsitsani pansi. Mukaona mzere wa linthumbu ngakhale chapatali, samukani ndithu. Nyambo ikhale yochepa ngati nsawawa imodzi, ndipo muimange m'kapepala kobowola, isapakike pachitsulo. Msampha wochita mafuta muutsuke tsiku lomwelo. Kukayendera ndi m'bandakucha, osati dzuwa litakwera. Swiswiri amafa ndi njala pakangopita maola ochepa.

Mwagwira? Valani magolovesi, kutulirani kanyamako m'kathumba kansalu, kayezeni kulemera, kameteni ubweya pang'ono kumbuyo kuti mudzakazindikire. Kuti muone njira zake, matani kampukutu kopepuka ka ulusi paubweya wa pamsana, kosapitirira magawo 5 pa 100 a kulemera kwa kanyamako. Nsonga ya ulusiwo mangani pamtengo, n'kumasula kanyamako pomwe mwakagwirapo. Mawa lake tsatani ulusiwo, muzilemba pomwe wakwera mtengo, wadutsa pansi pa chipika kapena walowa kuuna.

Zotsalazo ndi GPS ya pafoni, yosonyeza malo enieni pomwe muli, ndi kope. Lembani ndi pensulo, inki imasungunuka ndi mvula. Mukabwerezanso m'chilimwe mudzaona kusiyana kwake ndi dzinja.