Loboti yozimazima ikamakhota: vuto linali batire

Loboti yathu yotsatira mzere, ya Arduino Uno (kabolodi koyendetsa pulogalamu) ndi L298N (kabolodi koyendetsa mamota), inkayenda bwinobwino ikakhala m'manja. Ikangoikidwa pansi n'kufika pokhota, inkaima kaye kenako pulogalamu n'kuyambiranso. Ophunzira anatha masiku akusinthasintha code yomwe inalibe vuto lililonse.

Tinalumikiza multimeter (chida chopimira magetsi) pa pini ya 5V ya Arduino n'kugwira tayala ndi chala kuti lisazungulire. Manambala anatsika nthawi yomweyo, kagetsi ka pa Arduino n'kuphethira. Zonse zinkadyera batire imodzi ya 9V, ya makona anayi ija. Batire imeneyi siingakwanitse mphamvu imene mota imakoka ikamadzuka kapena ikapanikizika, ndiye voltage ikagwa Arduino imazima n'kuyakanso.

Tinaikapo mabatire awiri otchajidwa a mtundu wa 18650 olumikizidwa motsatizana, omwe amapereka 7.4V, kapena 8.4V akadzaza. Waya wina umapita ku L298N, wina ku LM2596 yomwe imatsitsa mphamvu kufika 5V ya Arduino. Apa musapupulume: pimani ndi kukonza 5V ija musanalumikize, apo ayi muwotcha bolodi. Mawaya onse a GND, kutanthauza a negative (-), akumane pamodzi. Pa miyendo ya mota iliyonse tinawotchererapo capacitor (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono) ya 100nF, ndi ina ya 1000µF, 16V, polowera mphamvu pa L298N, mwendo wa mzere woyera ku GND.

L298N imadya pafupifupi 2V pa mphamvu yopita ku mota, choncho liwiro mu code liyesedwenso.

Chithunzi cha mawayawa tinachijambula m'kope la kalabu lomwe limakhala m'kabati, kuti a Folomu 4 akachoka otsalawo asayambirenso pachiyambi.