Kulowetsa Magetsi a Padoko M'boti Kudzera pa Transifoma

Magetsi a padoko amayenda motsatana chonchi: chingwe, soketi yolowera ya pakhoma la boti, buleka yaikulu (swichi yodzizimitsa yokha magetsi akachuluka), transifoma yolekanitsa magetsi a padoko ndi a m'boti, kenako bokosi logawira magetsi. Bulekayo izidula mawaya onse awiri, live ndi neutral, ndipo ikhale pasanathe mamita 3 kuchokera pa soketi yolowera. Malamulo a ABYC, bungwe la ku America loona za chitetezo cha maboti, amafunanso ELCI, chipangizo chomwe chimazimitsa magetsi akangothawa okwana 30 mA, pokhapokha transifoma yolekanitsayo ikakhala pasanathe mamita 3 kuchokera pa soketi yolowera.

Kukula kwa transifoma kumatsatira mphamvu ya padoko. 230V pa 16A ndi mawati pafupifupi 3,600, chimodzimodzi 120V pa 30A, choncho transifoma ya 3.6 kVA (mawati pafupifupi 3,600) imakwana. Ena amaganiza kuti transifoma imasinthanso 50Hz kukhala 60Hz. Ayi, imangosintha mavoti.

Pofunika maso kwambiri ndi pa waya wobiriwira wa earth. Popanda transifoma, wayayu amalumikiza boti lanu ndi maboti ena onse a padokopo. Madzi amamaliza njirayo, ndiye timagetsi tating'ono timayenda pakati pa zitsulo za maboti osiyana. Zinki za pansi pa boti lanu, zitsulo zoikidwa kuti zizidyeka m'malo mwa zitsulo zina za botilo, zimadyeka poteteza boti la mnzanu, zikatha pulopela imayamba zibowobowo. Transifoma yolekanitsa imadula njirayi chifukwa makoilo ake awiri sakhudzana, mphamvu imadutsa mwa maginito. Earth ya padoko imangidwe pa chitsulo chotchinga cha pakati pa makoilo basi, isapitirire. Mbali yotulukira, neutral ilumikizidwe ndi earth ya boti pa transifoma pomwepo. Osabwereza kulumikizaku m'bokosi logawira, chifukwa magetsi obwerera adzayamba kuyenda mu waya wobiriwira ndi m'zitsulo za boti. Wina akalumphitsa earth ya padoko kufika kubokosi, ndalama zogulira transifoma zangopita m'madzi.

Galvanic isolator, kachipangizo koikidwa pa waya wa earth kuti katchinge timagetsi todya zitsulo tija, ndi yotchipa komanso yopepuka kuposa transifoma, koma imatchinga timagetsi tosaposa 1.2V, ndipo sikonza live ndi neutral zikasinthanitsidwa padoko. Transifoma imakonza zonsezi.

Polumikiza, zimitsani buleka ya padoko ndi ya m'boti. Lowetsani pulagi kuboti kaye, mumange mkombero wake, kenako padoko. Mukayamba padoko, mwanyamula chingwe chamoto pamwamba pa madzi. Yatsani ya padoko, kenako ya m'boti. Pochotsa muyambire kumapeto. Buleka ya padoko ikamagwa nthawi yoyatsa yokha, kawirikawiri ndi transifoma yomwe imakoka magetsi ambiri poyamba, ndipo soft start, chipangizo chochepetsa magetsi okokedwa poyatsa, imathetsa vutolo.

Patatha ola chotenthetsera madzi chikugwira ntchito, gwirani pulagi. Ikatentha, kapena mano ake akada ndipo pulasitiki yachita bulauni, sinthani pulagi ndi soketi zonse. Buleka siigwa chifukwa cha mano olowa mosakhwima, koma kutentha kwa manowo kumatha kuyatsa boti. Mawaya akhale opangidwa ndi timawaya tating'ono tambiri, osachepera 2.5 mm² pa 16A kapena 10 AWG (muyezo wa mawaya wa ku America) pa 30A.