Kusankha tawuni yakunyanja yokhala pafupi ndi zitunda zopalasa njinga

Mukafuna kuchoka ku Lilongwe ndi njinga yanu ya liwiro kukapuma kunyanja, musayambe kufunsa za mchenga. Funsani kuti chitunda chikuyambira pati. Ngati mpaka mupalase ola lathunthu pachigwa musanachione, dzuwa likhala litakumalizani kale.

N'chifukwa chake Senga Bay, ngakhale ili pafupi, siyikwanira: mbali ya Salima ndi yafulati, ndipo zitunda za msewu wa M14 zili kutali ndi gombe. Monkey Bay ili ndi vuto lomwelo. Khwekhwelere, chikweza cha makhona ochoka ku Golomoti kukwera ku Dedza, ndi chokoma zedi, koma kuti mukafike patsinde pake pamafunika galimoto.

Nkhata Bay ndiye yopambana. Mukangotuluka padoko, msewu wayamba kale kukwera. Kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 47 a tala pa M5, kuchokera panyanja pa mamita 470 kufika cha m'ma 1,250. Tsiku limene miyendo yalema, lowerani cha ku Chintheche kudzera m'minda ya labala ya Vizara. Chitimba nayo ndi yabwino chifukwa cha chikweza cha Chiweta, koma samalani ndi malole m'makhona. Ndipo msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia si wa matayala owonda.

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera, choncho yambani moyang'anizana nayo kuti pobwerera ikukankheni. Okutobala ndi Novembala kunyanja kumatentha koopsa. Nyamukani 5 koloko m'mawa ikangopitirira, ndi mabotolo awiri a 750 ml, limodzi muthiremo Thanzi ORS.

Magiya akhale opepuka: mano 34 kutsogolo, mano 32 kumbuyo. Giya yolemera imapweteka mawondo pofika tsiku lachiwiri. Matayala a 28 mm amapirira zigamba za msewu kuposa a 23. Machubu a saizi ya 700c tengani atatu kuchokera ku Lilongwe, pamodzi ndi pampu yanu, chifukwa amisiri a pansi pa mtengo amakonza za kabaza ndipo pampu zawo sizigwira valavu yowonda ya machubu amenewa.

Pamtsetse musafinye mabuleki osalekeza. Limu imatentha, chubu n'kuphulika. Finyani mwamphamvu musanalowe khona, kenako tayani, maso ali pa mchenga ndi mbuzi.

Polipira malo ogona, funsani ngati njinga ingagone m'chipinda, ngati muli neti, komanso ngati tiyi angapezeke kusanache.